Byrd ndi Palestrina pakamwa pa oimba a lero: mumvere gulu liti?

Mnzanga wina amene timaimba naye alito anandiimitsa pakhomo la tchalitchi titatha pulakatisi. "Achemwali," anatero, "nyimbo zakale mumazitama zija ndazisaka pa YouTube. Nyimbo imodzi yomweyo, magulu oimba ankhaninkhani, aliyense akuimba mwake. Nanga yeniyeniyo ndi iti?"

Ndinamuyankha kuti yeniyeni palibe, ndipo sindinkamuzemba. Palestrina, mmodzi wa olemba nyimbo zakale za m'tchalitchi zimenezi, anamwalira ku Roma mu 1594, ndipo makina ojambulira mawu anabwera patapita zaka pafupifupi 300. Chimene anthu a nthawi imeneyo anatisiyira ndi mapepala okha, mapepala ake oumira. Sakuuzani liwiro la nyimbo, sakuuzani pofuula ndi ponong'ona, ndipo kawirikawiri sanena kuti mzere uliwonse uimbidwe ndi anthu angati. Nthawi zambiri woimba tenala ankagwira kabuku ka tenala yekha, osaona zimene a besi akuimba. Gulu lililonse la lero liyenera kudzisankhira zonsezi, ndipo kusankhako ndi kumene kumafika m'makutu mwathu.

Ndiyambe ndanena chimene chimandikokera ku nyimbozi, chifukwa ndicho muyeso wanga. M'nyimbo zambiri za m'buku zimene timaimba Lamulungu, mwini nyimbo ndi sopulano. Enafe timaperekeza. Sopulano akasuntha tisuntha naye, akaima tiima. Ndaimbapo ndime yathunthu pa manotsi atatu okha. Nyimbo za m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 sizili choncho. Liwu lililonse lili ndi ulendo wake. Tenala ayamba chiganizo, alito alowa pambuyo pake ndi chiganizo chomwecho chapamwamba pang'ono, besi abwera mochedwa, ndipo sopulano akamalowa, tenala uja ali kale patsogolo. Akumana, agundana pang'ono, amasulana, asiyananso. Zili ngati lichero: palibe nsungwi imene inalowamo kudzangoperekeza inzake. Ndiye ndikamamvera gulu lililonse ndimadzifunsa zinthu ziwiri. Kodi ndingathe kutsatira alito kuchokera poyamba mpaka pamapeto osamutaya? Kodi oimbawa akuonetsa kuti akudziwa chimene mawuwo akunena?

Nyimbo imene ndimayesera magulu ndi Agnus Dei (Mwanawankhosa wa Mulungu) ya mu Misa ya mawu anayi ya William Byrd. Byrd anali Mkatolika ku England mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth woyamba, pamene kuchita Misa kunali mlandu ndipo osapita ku mapemphero a mpingo wa boma ankalipitsidwa chindapusa. Misa zake zitatu, ya mawu atatu, anayi ndi asanu, zinasindikizidwa pakati pa 1592 ndi 1595 m'timabuku topanda tsamba la mutu. Sanazilembere makachisi akuluakulu. Zinali zoimbidwa m'nyumba za mabanja, zitseko zitatsekedwa. Agnus Dei imeneyi imayamba ndi mawu awiri okha, kenako atatu, ndipo pomaliza onse anayi. Akafika popempha mtendere, dona nobis pacem, liwu limodzi limakakamira pa noti yake pamene anzake asuntha, mpaka mumve kuwawa m'khutu, kenako limatsika n'kumasuka, koma lina lagwira kale pena. Zimapitirira choncho ngati munthu amene akupempha chinthu chimene akudziwa kuti mwina sachiona ali moyo. Gulu likaimba pamenepa mosalala ngati likupukuta galasi, ndimadziwa kuti mawuwo silinawamve.

Njira imene anthu ambiri amakumana nayo poyamba ndi ya magulu aang'ono a akatswiri, amuna ndi akazi pamodzi, oimba popanda chida chilichonse. The Tallis Scholars, amene Peter Phillips anayambitsa mu 1973, ndiwo anakhazika kamvekedwe kameneka. Kawirikawiri amakhala anthu khumi, awiri pa mzere uliwonse, mawu owongoka osanjenjemeretsa, noti iliyonse pamalo pake penipeni. Chimbale chawo cha Misa ziwiri za wolemba nyimbo wakale Josquin des Prez chinasankhidwa ndi magazini ya Gramophone kukhala chimbale cha chaka cha 1987, kuposa zimbale za magulu akuluakulu a zingwe ndi malipenga, zomwe zinali zachilendo pa nyimbo zakale chonchi. The Sixteen a Harry Christophers, amene anayamba mu 1979, ali m'banja lomwelo, koma mawu awo ndi ofunda ndi onenepa pang'ono, ndipo saopa kukweza mphamvu pamene mawu a nyimbo afuna.

Pa funso langa loyamba lija, magulu awa sapikisana ndi aliyense. Alito mumamuona ngati mwala pansi pa madzi oyera. Amene akufuna kuphunzira mmene nyimbozi zinalukidwira ayambire pano. Pa funso lachiwiri ndi pamene ndimakhala ndi dandaulo. Mukamvera zimbale zitatu motsatizana, nyimbo ya Pasaka ndi nyimbo ya maliro zimayamba kufanana nkhope. Zonse n'zokongola, zonse n'zoyera, ndipo nthawi zina kukongolako kumaphimba chisoni kapena chimwemwe chimene wolemba anaikamo. Palinso nkhani ya kiyi. Katswiri wina wa ku Oxford, David Wulstan, ankaphunzitsa kuti nyimbo za m'matchalitchi a ku England zinkamveka pamwamba kuposa mmene zinalembedwera, ndipo magulu ambiri anamutsatira n'kumazikweza. Zotsatira zake ndi masopulano ouluka m'mwamba ngati nyenyezi, osangalatsa kwambiri, koma amakoka khutu lonse, enawo n'kubwereranso pa udindo woperekeza uja.

M'banja lomweli muli gulu limene ndimalikonda mwapadera, Stile Antico, la anthu khumi ndi awiri oimba popanda wowatsogolera kutsogolo. Aoneni pa vidiyo. Amaima mozungulira ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo asanayambe mumaona mapewa onse akukwera pamodzi pokoka mpweya. Wina akamalowa amayang'ana amene akumupatsira chiganizo. Popeza palibe dzanja lowauza, aliyense ayenera kumvera mnzake, ndipo kumverana kumeneko kumamveka. Pa Byrd uja, kaimbidwe kotere kamandifikitsa pafupi ndi chipinda chotsekedwa chija.

Njira yachiwiri ndi makwaya a m'matchalitchi akuluakulu, anyamata aang'ono pamwamba ndi amuna pansi. Odziwika kwambiri ndi a King's College ku Cambridge, kumene anyamata oimba amakhala 16 monga anakhazikitsira Mfumu Henry wachisanu ndi chimodzi m'zaka za m'ma 1400. Mawu awo ndi ofewa, ozungulira, ndipo nyumbayo imawabweza kwa masekondi angapo. Koma amene ndimawaika patsogolo ndi a Westminster Cathedral ku London, tchalitchi cha Katolika, chosiyana ndi Westminster Abbey. Kumeneko Richard Terry, kuyambira 1901, anafukula Misa za Byrd, Thomas Tallis (wolemba nyimbo wina wa ku England) ndi anzawo zimene zinagona zaka mazana, n'kuzibwezera pa guwa. Pambuyo pake George Malcolm anaphunzitsa anyamata kuimba ndi mawu akuthwa, a pachifuwa, ngati a mwana akuitana mnzake pabwalo la mpira. Mu 1959 anajambula nyimbo za Sabata Loyera za Tomás Luis de Victoria, wansembe wa ku Spain. Chimbalecho n'chakale, mawu ena amatuluka okalipa, koma pamene nyimbo ikunena za Yudasi ndi ndalama zake mumamva mkwiyo, ndipo pamene ikunena za mdima wa pa mtanda mumamva mantha. Funso langa lachiwiri limayankhidwa mokwana.

Ubwino waukulu wa makwayawa ndi wakuti nyimbo ili pa ntchito yake. Siikuimbidwa kuti anthu aombe m'manja, ikuimbidwa pakati pa pemphero, pa ola lake. Abale amene muli ku Britain, izi zili pakhomo panu: matchalitchi akuluakulu ambiri amakhala ndi mapemphero a madzulo oimbidwa ndi kwaya masiku ambiri a sabata, ndipo salipiritsa. Ambiri tsopano ali ndi atsikananso, kutsatira Salisbury imene inayamba mu 1991. Kuipa kwake, nyumba zamiyalazi zimasakaniza mawu. Mukakhala kumbuyo, mizere inayi ija imasungunuka n'kukhala mtambo umodzi, ndipo alito wanga ndimamutaya pa tsamba loyamba. Tisadzinamizenso kuti popeza ndi anyamata ndiye kuti n'zimene Palestrina ankamva. M'kwaya ya Papa ku Sistine Chapel mzere wa pamwamba unkaimbidwa ndi amuna akuluakulu, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ambiri anali amuna ofulidwa ali ana kuti mawu asasinthe. Womaliza wa iwo, Alessandro Moreschi, anajambulidwa mu 1902 ndi 1904. Nkhanza imeneyo palibe amene angafune kuti ibwerere, choncho kamvekedweko kanapita.

Pano ndiikepo nkhani ya Miserere ya Gregorio Allegri, chifukwa ndi imene imakopa anthu ambiri koyamba. Aliyense amadikira noti ija ya pamwamba kwambiri, imene mnyamata Roy Goodman anaimba ndi kwaya ya King's mu 1963 ndipo Tallis Scholars anaitchukitsanso mu 1980. Allegri, amene analemba nyimboyi m'zaka za m'ma 1630, notiyo sanailembe. Inabadwa pamene wolemba wina wa m'zaka za m'ma 1800 analumikiza molakwika zidutswa ziwiri zolembedwa m'makiyi osiyana, ndipo osindikiza apambuyo anakopera cholakwikacho. Ndimaikondabe, ndipo tsitsi limandiimabe ikafika. Koma imandikumbutsa kuti zina zimene timazitcha zakale zinapangidwa dzana.

Njira yachitatu ndi ya munthu mmodzi pa mzere uliwonse, nthawi zambiri amuna okhaokha, nyimbo itatsitsidwa kiyi. The Hilliard Ensemble, gulu la amuna anayi limene linakhalapo zaka makumi anayi mpaka 2014, ndiwo chitsanzo. Apa palibe pobisala. Mumamva munthu, osati gulu: kupuma kwake, mmene akutchulira chilembo chilichonse. Cappella Pratensis a ku Netherlands amapitirira apo. Amaunjikana mozungulira buku limodzi lalikulu loikidwa pa choimikira, n'kumawerenga manotsi akale enieni opanda mizere yodula nyimbo m'zigawo, monga zithunzi za nthawiyo zimaonetsera. Mapewa amakhudzana. Kaimbidwe kawo kamayenda ngati madzi, chifukwa palibe amene akuwerenga wani, thu, fili, folo. Pa nyimbo za Josquin ndi za wolemba wina wa m'ma 1400, Ockeghem, njira imeneyi ndimaiika pamwamba pa zonse. Chovuta chake, kamvekedweko n'kakuda ndi kotsika, ndipo munthu wongoyamba kumene angatope nako asanazolowere. Sikagwiranso ntchito paliponse mofanana: Spem in alium ya Thomas Tallis ili ndi mizere 40, makwaya asanu ndi atatu a mawu asanu, ndipo ngakhale munthu mmodzi pa mzere ndi khamu kale.

Tsopano pali ena amene anakana kuyera konseku. Marcel Pérès ndi Ensemble Organum a ku France, kuyambira 1982, anafunsa kuti: ndani ananena kuti anthu akale ankaimba ngati ophunzira a ku Oxford? Anapita kukamvera oimba a m'midzi ya pa chilumba cha Corsica ndi a mipingo ya kum'mawa, ndipo mu 1996 anatulutsa Misa ya Guillaume de Machaut, ya m'zaka za m'ma 1300, yoimbidwa ndi mawu a pakhosi, otsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, okhala ndi tizokometsera tambirimbiri. Graindelavoix a ku Antwerp, otsogoleredwa ndi Björn Schmelzer, atenga njira yomweyo mpaka pa nyimbo za m'ma 1500. Woimba aliyense amasunga mtundu wa mawu ake, sayesa kufanana ndi mnzake.

Nditawamva koyamba ndinakhala chete nthawi yaitali. Aliyense amene anagonapo pa siwa amadziwa kuti cha m'ma thili koloko m'bandakucha, mawu a amayi atasasa, nyimbo imafika pamtima kuposa mmene inkafikira madzulo mawu ali osalala. Magulu awa amadziwa chimenecho. Pa Machaut ndimawasankha mosakayika, chifukwa nyimbo yake ndi yamakona, yolimba ngati mwala wosasema. Pa Byrd kapena Palestrina ndimabwerera m'mbuyo. Kuwawa kuja kwa dona nobis pacem kumadalira noti ziwiri zoima malo ake enieni n'kugundana. Aliyense akamatsetsereka, kugundanako kumasowa, ndipo chimene chatsala ndi oimba, osati Byrd. Iwonso sangatsimikize kuti akale ankaimba chomwechi. Akungoonetsa kuti n'zotheka.

Za zida ndidutsepo mwachangu. Kwaya ya Papa inkaimba popanda chida, koma ku Seville ndi ku Venice matchalitchi ankalemba ntchito oimba malipenga ndi zitoliro. Paul McCreesh ndi Gabrieli Consort mu 1990 anamanganso mwambo wonse wolonga mtsogoleri wa Venice ufumu wa mu 1595, ndi mabelu, ng'oma ndi malipenga. Jordi Savall wa ku Catalonia, ndi magulu ake Hespèrion XXI ndi La Capella Reial de Catalunya, amabweretsa zingwe, ng'oma ndi nyimbo zovina za ku Spain. Amene amaona ngati nyimbo zopanda zida n'zozizira alowere khomo ili. Adziwe chabe kuti ng'oma zambiri zimene akumvazo sizili pa pepala, ndi nzeru za oimbawo.

Dzina limodzi ndisalidumphe, chifukwa linandisangalatsa nditalipeza: Vicente Lusitano, Mpwitikizi wa magazi a ku Africa, amene anasindikiza buku la nyimbo zake ku Roma mu 1551, ndipo chaka chomwecho anapambana mtsutso wa poyera wa za kaimbidwe ndi katswiri wina, Nicola Vicentino. Mbiri inamuiwala kwa zaka mazana. The Marian Consort anatulutsa chimbale cha nyimbo zake mu 2022, m'kaimbidwe koyera ka njira yoyamba ija, ndipo apa kuyerako n'kofunika, popeza tikumva nyimbozi koyamba ndipo tikufuna kuona ulusi uliwonse.

Nanga oimba a nyimbo zamakono akalowa m'munda uno? Mu 1994 a Hilliard aja anatulutsa chimbale chotchedwa Officium ndi Jan Garbarek wa ku Norway, iye akuliza saxophone momwe mtima wamuuzira pamwamba pa nyimbo za Cristóbal de Morales ndi ena. Chinagulidwa kwambiri ndipo chinabweretsa anthu ochuluka ku nyimbozi. Ine chimandipweteka pang'ono. Saxophone ikangolowa imakhala mfumu, ndipo amuna anayi aja amasanduka mphasa yoti mfumu ikhalepo, chinthu chomwe nyimbozi zinabadwira kukana. Koma Sting, amene mu 2006 anaimba nyimbo zakale za John Dowland, Edin Karamazov akumulizira lute, chida cha zingwe chamimba yozungulira, ndimamuteteza kwa omunyoza. Mawu ake ndi okhakhala, mpweya umamuthera pena, ndipo sangafanane ndi Emma Kirkby kapena Alfred Deller, oimba otchuka a nyimbo zakalezi, pa ukatswiri. Komabe buku loyamba la nyimbo za Dowland, la mu 1597, linasindikizidwa mwakuti mukaliyala pa tebulo, mizere imayang'ana mbali zosiyanasiyana kuti okhala mozungulira aliyense awerenge wake. Zinali nyimbo za m'nyumba, za anthu wamba odziwa kuwerenga manotsi. Munthu woimba ngati akulankhula nanu pafupi sali kutali ndi tebulo limenelo. Mverani Kirkby kuti mudziwe kukongola kwa mzere, mverani Sting kuti mumve mawu, ndipo mukhoza kukonda onse.

Mnzanga uja ndinamulembera pa kapepala ndondomeko iyi. Atenge Agnus Dei ya Byrd yokha, ndi mphindi zitatu kapena zinayi, bandulo siithera pamenepo. Aimvere kwa Tallis Scholars kawiri, ulendo wachiwiri akutsatira alito yekha. Kenako kwa Westminster Cathedral, kenako kwa gulu la munthu mmodzi pa mzere. Avale mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imameza besi, ndipo besi akasowa lichero lija latha. Akatero adzadziwa yekha kumene khutu lake likukokera. Langa limakokera kwa ochepa omverana, a Stile Antico ndi a Hilliard, ndipo Sabata Loyera ndimabwerera kwa anyamata a Malcolm.

Patapita milungu iwiri anabwera ndi maganizo ena, akuti tiyese tokha. Manotsi a nyimbozi amapezeka kwaulere pa intaneti, pa Choral Public Domain Library, popeza eni ake anamwalira kalekale. Tinasankha If ye love me ya Tallis, yaifupi, ya mawu anayi, yochokera pa Yohane 14, ndipo aphunzitsi athu anaisandutsa do re mi usiku umodzi. Mzere woyamba unayenda bwino, chifukwa onse amayendera pamodzi ngati nyimbo ya m'buku. Titafika pamene mawu amayamba kulowa limodzilimodzi, alito tonse tinaima, maso kwa masopulano, kudikira kuti atitsegulire njira monga mwa masiku onse. Tinabwereza kanayi, kanayi konse tinachedwa.

Aphunzitsi anaika choko pansi. "Amayi, mukudikira ndani? Pamenepa palibe wokuitanani. Werengani mumtima, nthawi ikakwana lowani, ngakhale mumve ngati muli nokha."

Sabata lachitatu tinalowa. Ndinamva mzere wathu ukutuluka pawokha, tenala akuutola kumbali kwathu, besi akubwera pansi, ndipo mnzanga uja anandigwira dzanja osasiya kuimba. Tinali anthu khumi ndi anayi, mababu awiri oyaka, mabenchi atatsamira khoma. Aphunzitsi anati tibwereze kuyambira pamwamba, ndipo ulendo uno tisathamange.